Mafunso a masamu ndi mwana wa kunyanja ya Chilwa

Palibe boma lina m'Malawi muno limene lasunga nkhani za mayeso ngati la Zomba. Bungwe la MANEB, lomwe limakonza ndi kuchonga mayeso a dziko lonse, likulu lake lili mumzinda wa Zomba. Silabasi ndi mabuku a sukulu amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo pafupi pomwepo pali Domasi College of Education, kumene amasula aphunzitsi a sekondale. Pa Chirunga pali University of Malawi, imene ambiri akuitchabe Chancellor College. Kuchoka pamenepo n'kutsikira kum'mawa makilomita pafupifupi 30, munthu wafika padoko la Kachulu, pomwe mabwato a ku Chisi amakocheza ndi matemba, makumba ndi milamba. Mtundawu ndi waufupi, wanjinga amauyenda m'mawa umodzi. Koma mwana wa kwa Mwambo, kwa Kuntumanji kapena kwa Mkumbira amene wauyenda ndi sukulu mpaka kukhala pansi m'kalasi ya ku koleji amakhala atadutsa mayeso a sitandade 8, a fomu 2 ndi a fomu 4, ndipo nthawi zambiri amafika ali ndi mipata m'masamu imene palibe mayeso aliwonse mwa amenewa anaitchula dzina. Mfundo yanga ndi yakuti mayeso athu a masamu, kuyambira nthawi ya atsamunda, anapangidwa kuti azipeta ana, mpunga kuno mankhusu uko, ndipo aphunzitsi a m'makoleji anatengera kalembedwe komweko ka mafunso ngakhale kuti ntchito yawo si yopeta ayi. Wophunzira amene walowa kale m'koleji ayenera kufunsidwa mafunso okwera pang'onopang'ono, kuti pomwe waima paoneke.

Masamu a pasileti anafika m'dera lino ndi amishoni. Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia mu 1884, ndipo sukulu za m'midzi zimene zinafalikira kuchokera kumamishoni zinkaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwonkhetsa. Si ana onse anazilowa. Mabanja ambiri achiyao amene anali Asilamu ankakayikira sukulu yomwe mphunzitsi wake ndi mlaliki yemweyo, ndipo Alomwe amene ankabwera kuchokera ku Mozambique ankathera nthawi yawo m'minda ya azungu polipira thangata. Boma la atsamunda linachedwa kulowererapo. Linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patapita zaka ziwiri chibwerereni nthumwi zofufuza za maphunziro za Phelps-Stokes zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo mu 1929 linatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi komweko. Maganizo a sukulu ya Jeanes anali akuti munthu wakumudzi aphunzire zoyenera kumudzi: ulimi, ukhondo, luso la manja, ndi kuwerengera kokwanira kugulira nsalu ndi kukhomera msonkho. Aphunzitsi oyendera sukulu ankapita kumeneko ndi akazi awo, pambuyo pake mafumu nawonso. Zina mwa zimene ankaphunzira zinali zothandizadi, koma maphunzirowo anali ndi denga, ndipo anthu ngati Levi Mumba anaona msanga kuti dengalo linaikidwa dala. N'chifukwa chake ankalimbikira kupempha sukulu za sekondale.

Sekondale zitabwera, zinabwera zowerengeka. Blantyre Secondary School inayamba mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Mwana ankayamba Sub A, kenaka Sub B, n'kukwera mpaka sitandade 6, ndipo mayeso a pamenepo ankasankha ochepa kwambiri oti apitirire. Tiganizire bwino chimene wolemba mafunso amafuna zinthu zikakhala choncho. Ngati ana ali zikwi koma malo ali makumi angapo, funso limene ana ambiri angalikhoze silimuthandiza, chifukwa silisiyanitsa woyamba ndi wa nambala 50. Funso labwino kwa iye ndi limene ligwetsa pafupifupi onse n'kusiya awiri atatu. Pepala lotero limaona bwino kumtunda, koma kumunsi ndi lakhungu: mwana amene anasowa sitepe imodzi yokha ndi mwana amene sanamve ngakhale funsolo onse amapeza malikisi ofanana, ndipo palibe amadandaula nazo poti onse awiri akubwerera kumudzi. Sindikunena kuti anthu olemba mayeso a nthawi imeneyo anali ankhanza. Anapatsidwa ntchito yochepetsa anthu, ndipo anapanga chida choyenera ntchitoyo.

Ufulu sunasinthe chidacho, chifukwa malo anakhalabe ochepa. University of Malawi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965 ndi ophunzira 90, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Mayeso a Cambridge analowedwa m'malo ndi athuathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo MANEB inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo wofuna kupita kuyunivesite amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Giredi 6 ya masamu imatsegula chitseko cha maphunziro ambiri, koma siuza mphunzitsi wa chaka choyamba kuti mwini wake anaipeza bwanji. Ena anaipeza poloweza mayankho a mapepala akale, ena polimbikira mitu itatu inayi imene imabwera chaka ndi chaka n'kusiya yonse yotsala. Nambala imodzi singanyamule nkhani imeneyi.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994, pomwe boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulaimale. Ana olembetsa anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 20,000, n'kuwatumiza m'makalasi atangowaunikira kwa masabata ochepa. Chinali chinthu choyenera kutsegulira ana onse sukulu, ndipo sindidzavomereza aliyense wonena kuti ana a asodzi akanangotsala kunja. Koma mtengo wake unagwa kwambiri pa masamu, chifukwa phunziro limeneli mutu uliwonse umakhala pamwamba pa unzake. Mwana wojomba mwezi umodzi m'mbiri yakale ataya mutu umodzi basi, pamene wojomba mwezi umene anzake akuphunzira mafulakishoni adzavutika ndi maperesenti, ndi aljebra, ndi china chilichonse chobwera pambuyo. Ndipo m'mbali mwa Chilwa zifukwa zojombera n'zambiri. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotuluka. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018, ndipo nthawi zoterezi mabanja odalira nsomba amabalalika kukafuna pothawira. Madzi akachuluka, anyamata amakopeka ndi ndalama ya msanga ya usodzi, ena mpaka kukagona masabata m'zimbowera pakati pa mabango. Mpunga wa m'masikimu a Likangala ndi Domasi ukayamba kucha pamafunika woingitsa mbalame. Mvula ikakula, ngati ya namondwe Freddy mu 2023, sukulu zimatsekedwa ndipo makalasi amasanduka pogona anthu othawa madzi. Mu 1998 malo ophunzirira pamakalata a MCDE anasandutsidwa sekondale zoyendera za CDSS, ndipo zambiri zinayamba ndi aphunzitsi ophunzira za pulaimale amene anapatsidwa masamu a fomu 4 chifukwa panalibe wina. Koleji ya Domasi, imene inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, ndi pulogalamu ya SMASSE yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi, imene inayamba kumeneko mu 2004 mothandizidwa ndi Japan, zinali njira zoyesera kutseka mpata umenewu.

Umboni woti mipatayi ilipodi, komanso woti ingathe kuyezedwa, unachokera ku kafukufuku wa SACMEQ, amene ankayesa ana a sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kuvuma kwa Africa. Mu 2002 ndi mu 2007 Malawi inali m'gulu la maiko a kumunsi kwenikweni m'masamu. Anthu ambiri anangomva malo athu pamndandanda n'kugwira chibwano, koma chinthu chofunika kwambiri m'kafukufukuyu chinali kapangidwe ka mafunso ake. Anawasanja m'milingo isanu ndi itatu, kuyambira pa kuwerenga zinthu ndi kuwonkhetsa kosavuta mpaka pa kumasula vuto ndi zizindikiro za aljebra, kotero kuti za mwana aliyense ankatha kunena chimene amatha ndi chimene sanafikepo. Ana ambiri a kuno anapezeka pa milingo yachiwiri ndi yachitatu. Mawu akuti "walephera" sauza mphunzitsi chochita mawa m'mawa, pamene mawu akuti "amatha kuchulukitsa koma sangasandutse chiganizo kukhala samu" amamuuza poyambira.

Tsopano tilowe m'kalasi ya chaka choyamba ku koleji, momwe wophunzira wa sayansi, wa zachuma kapena wa uphunzitsi akulemba mayeso a calculus. Funso likuti apeze pomwe phindu lifika pachimake, malikisi 10, ndipo ophunzira atatu apeza ziro. Woyamba amamva calculus bwinobwino, koma pofutukula (a + b)² analemba a² + b², ndipo zonse zotsatira zinasokonekera. Wachiwiri sadziwa kuti chilembo x chikuimira nambala imene ingasinthe. Kwa iye ndi chizindikiro chongosuntha uku ndi uku monga anaonera pabolodi. Wachitatu akadawonkhetsabe 1/2 ndi 1/3 n'kupeza 2/5, bala la ku sitandade 5 limene palibe analimanga. Woyambayo akufunika madzulo amodzi ndi mnzake, wachiwiri masabata angapo, wachitatu temu yathunthu ya chithandizo chapadera. Pepala lolembedwa mwa kale lija limawapatsa onse ziro, limawatumiza onse ku sapu, ndipo akalephera kawiri amawidedwa popanda aliyense kudziwa kuti woyamba uja anali pakhomo penipeni.

Funso lomweli lingalembedwe mwina, ndipo tiyeni tiliyike m'malonda a pa Kachulu, mitengoyo ikhale yongoyerekeza. Mayi wa geni agula beseni la matemba pa K20,000 n'kukagulitsa mumsika wa Zomba pa K26,000, ndipo ulendo umodzi umamudyera K30,000 kaya watenga mabeseni angati. Gawo loyamba lifunse phindu lake akatenga mabeseni 10. Yankho ndi K30,000, ndipo apa tikuyesa kuchulukitsa ndi kuchotsera basi. Lachiwiri limupemphe wophunzira kulemba phindu la mabeseni x, lomwe ndi 6,000x − 30,000. Wokhoza loyamba n'kugwa apa watiuza kuti vuto lake ndi chilembo, osati nambala. Lachitatu lifunse mabeseni ochepetsetsa oti mayiyo asaluze, omwe ndi 5, ndipo tikuona ngati amatha kumasula ikweshoni. Lachinayi liwonjezere chinthu chimene wageni aliyense amachidziwa, chakuti nsomba zikachuluka pamsika mtengo umatsika: tinene kuti mtengo wogulitsira beseni utsika ndi K200 pa beseni lililonse limene wabwera nalo. Phindu tsopano ndi 6,000x − 200x² − 30,000, ndipo limafika pachimake pa mabeseni 15, pomwe mayiyo apeza K15,000. Gawo lomalizali ndi calculus yeniyeni, yosachepetsedwa ngakhale pang'ono. Chasintha n'chakuti ophunzira atatu aja tsopano aima pamalo atatu osiyana, ndipo wochonga awaona. Kuti zimenezi zitheke wolemba ayenera kusamala kuti sitepe iliyonse iwonjezere chovuta chimodzi chokha, ndiponso kuti wolakwa gawo lachiwiri asatsekeredwe lachitatu. Angathe kupatsidwa ikweshoni ina yoyambira, kapena kuchongedwa potsata yankho lake lomwe. Ayeneranso kukumbukira kuti kuvuta kwa funso sikudziwika ndi maso a mwini wake. Aphunzitsi ambiri amasanja mafunso potsata ndondomeko ya Benjamin Bloom ya 1956, kuyambira pa kukumbukira kukafika pa kusanthula, ndipo ndi yothandiza. Koma woweruza weniweni ndi mapepala ochongedwa. Ngati funso lotchedwa losavuta lagwetsa theka la kalasi, ndiye kuti silinali losavuta, kapena Chingerezi chake chinali chokhota.

Wotsutsa woyamba adzati uku n'kutsitsa maphunziro, kuti digiri ya Chancellor inkalemekezeka chifukwa inali yovuta, ndipo kugawa malikisi pa samu ya kupulaimale n'kupereka satifiketi kwa osayenera. Nkhawayi ndi yoona ndipo siyenera kunyozedwa, pakuti mphunzitsi angathedi kudzaza pepala ndi mafunso opepuka kuti chiwerengero cha okhoza chikongole. Koma chimene chimateteza muyezo ndi pomwe aika mzere wokhozera. Ngati masitepe a kumunsi onse pamodzi sakwana malikisi okhozera, wophunzira sangadutse asanaonetse kuti wamva phunziro la chaka chimenecho, ndipo wofuna giredi yapamwamba ayenera kumaliza sitepe yomaliza. Pepala lakale lija ndi limene limalola munthu kudutsa ndi malikisi otolatola, awiri apa chifukwa walemba fomula, atatu apo chifukwa wajambula girafu, osamaliza funso ngakhale limodzi. Ku England lipoti la Cockcroft la 1982 linadandaula za chinthu chomwechi, kuti ana ankalandira magiredi m'masamu atakhoza kachigawo kochepa ka pepala, moti giredi inkanena zimene mwana sadziwa koposa zimene amadziwa. Lipotilo linanenanso kuti samu imene mwana wamba amaitha ali ndi zaka 11, ena amaitha ali ndi 7 pomwe ena amailephera ali ndi 14. Ngati kusiyana kunali kotero m'dziko lokhala ndi mabuku ndi aphunzitsi okwanira, nanga bwanji m'kalasi imodzi ya pa Chirunga momwe mwakhala wochokera ku Kamuzu Academy ndi wochokera ku CDSS ya kumadambo a Chilwa?

Wotsutsa wachiwiri ndi amene ndimamuopa kwambiri, chifukwa mbiri ya Domasi ili kumbali yake. Iye adzati kugawa mafunso m'milingo ndi sukulu ya Jeanes yobwerera pakhomo lakuseri: masamu opepuka a nsomba ndi mpunga kwa ana a kumudzi, masamu enieni kwa ana a m'tauni. Ndipo ali ndi umboni wa masiku ano. Mayeso a GCSE a ku England, amene anayamba kulembedwa mu 1988, anagawa masamu m'mapepala osiyana, ndipo mwana woikidwa papepala la kumunsi sangapeze giredi yapamwamba ngakhale atakhoza zonse. IGCSE ya Cambridge, imene sukulu zina za kuno zimalemba, nayonso ili ndi Core ndi Extended. Pamenepo mphunzitsi amaweruza mwana mayeso asanalembedwe, ndipo tikudziwa amene angaweruzidwe moperewera m'dziko lathu: mtsikana, wolankhula Chingerezi chodukaduka, wochokera kusukulu yosatchuka. Ndikugwirizana ndi wotsutsayu mpaka apa, ndipo n'chifukwa chake ndikukana mapepala awiri. Pepala likhale limodzi, wophunzira aliyense alandire mafunso onse, ndipo pomwe aime pakhale pomwe nzeru zake zalekeza tsiku limenelo, osati pomwe wina anamuikira malire. Za matemba nazonso tizisamale. Chitsanzo cha pa Kachulu chili ndi ntchito ngati chikuthandiza wophunzira kuona kuti x ndi mabeseni enieni, koma sitepe ina iyenera kuchotsa nsombazo n'kumusiya ndi zilembo zokhazokha, poti masamu a ku koleji amakhala pamenepo. Kumusunga mumsika mpaka kalekale kungakhaledi kubwereza za 1929.

Palinso dandaulo la ntchito. Mphunzitsi wa masamu wa chaka choyamba amakhala ndi ophunzira mazana, ndipo anganene kuti sanalembedwe ntchito yokonza zolakwika za kupulaimale. Kulemba funso la masitepe kumatenga nthawi kuposa kukopera la chaka chatha, izi n'zoona. Koma kuchonga kwake n'kofulumira, chifukwa gawo lililonse ndi lalifupi ndipo yankho lake n'lodziwikiratu, ndipo mafunso oyesedwa bwino angasungidwe n'kugawana m'dipatimenti. Chotsatira chake chimapulumutsa nthawi yambiri: m'malo mobwereza phunziro lonse kwa olephera onse, dipatimenti ingasonkhanitse a mafulakishoni paokha ndi a aljebra paokha. Zoti si ntchito ya koleji, yankho lake n'lakuti kolejiyo inawalandira ophunzirawa, inalandira fizi yawo, ndipo boma linawakongoza ndalama za maphunziro. Kuwachotsa chaka chachiwiri popanda kufufuza chimene chinawagwetsa n'kutaya chuma cha banja limene mwina linagulitsa mpunga wa chaka chonse, ndi cha dziko lomwe.

Nkhaniyi ndi yolemera koposa ku Domasi ndi ku dipatimenti za uphunzitsi, chifukwa ophunzira a kumeneko amabwerera kumene anachokera. Mnyamata amene wadutsa dipuloma yake ndi malikisi otolatola, fulakishoni ikumuvutabe, adzaima pabolodi la fomu 1 ku CDSS ya kwa Mwambo kwa zaka 30, ndipo mutu umene amauopa adzauthamangira kapena kuudumpha. Adzalembanso mayeso a kumapeto a temu monga momwe iye ankayesedwera, pakuti mphunzitsi amaphunzira kufunsa mafunso poona m'mene ankafunsidwira. MANEB ipitiriza kusankha malinga ngati malo a ku fomu 1 ndi a kuyunivesite ali ochepa, ndipo sitingaiimbe mlandu pa zimenezo. Koma mayeso a pakati pa semesita a m'koleji sasankha munthu aliyense, ndipo kusintha kalembedwe kake sikufuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo kapena thandizo la maiko akunja. Inu aphunzitsi a masamu a pa Chirunga ndi a ku Domasi, mayeso oyamba a semesita ikubwerayi muwalembe m'masitepe, ndipo mukachonga muwerenge kuti ndi angati aima pa sitepe iliyonse musanakonze phunziro lotsatira.